Ulendo wokaona madzi otentha ku Chiweta: ndalama sinapite pachabe, koma anyamatawa pali zoti akonze

Loweruka lapitali ndinatseka shopu yanga ku Chibavi tsiku lonse, zomwe sindichitachita chifukwa Loweruka nde tsiku la geni kwa ife okonza mafiriji, anthu amabwera ndi madipu firiza awo pa njinga za kabaza kuyambira mmamawa. Koma mwana wanga wamkazi, ali fomu 3, anakhala akundiumiriza sabata ziwiri zathunthu. Anaona kauthenga pa WhatsApp koti kagulu kena ka achinyamata a konkuno ku Mzuzu kamatenga anthu kupita nawo ku Chiweta kukaona akasupe a madzi otentha, kenako nkuwaphunzitsa mmene maiko ena amapangira magetsi ndi kutentha kwa pansi pa nthaka. Akuti adadi tiyeni, inu mumakonda zamagetsi. Ndinalipira anthu awiri, mtengo wake ngati matumba awiri akuluakulu a makala, muli thiransipoti, nkhomaliro ndi wotilondolera.

Ndiyambe ndi zoipa kaye kuti ndithane nazo. Anati tinyamuka 6 koloko pa Katoto. Ife 5:40 tinali titafika, kuli chifunga ndi kachisanu kaja ka ku Mzuzu kolowa mpaka mmafupa. Minibasi inabwera 7:30. Palibe anatiimbira, palibe meseji, foni ya mkulu wawo imangoitana osayankhidwa, ndipo panali amayi ena ali ndi kamwana kumsana anaima nafe nthawi yonseyo. Itabwera minibasiyo tinapeza kuti agulitsa mipando yambiri kuposa imene ilipo, moti mnyamata mmodzi wa gulu lawo anakhala pa chigubu cha madzi ulendo wonse. Pepani ananena inde, koma pepani wa pakamwa pomwe munthu wazizidwa pafupifupi maola awiri sakwana. Kungotumiza kameseji koti tachedwa khalani kaye kunyumba, zikanatha.

Dalaivala yekha ndimupatse ulemu wake. Bambo wachikulire, wosalankhulalankhula, Ekwendeni, Enukweni, Bwengu, Phwezi, osathamanga ngakhale tinachedwa. Pofika potsetsereka pa Chiweta paja, amene munadutsapo mukudziwa mmene mtima umakhalira mmwamba, iye anangoika giya yaing'ono nkumatsika pang'onopang'ono osadalira mabuleki, anyani ali mbali mwa msewu, nyanja ikuoneka mmunsi mbuu. Mwana wanga kanali koyamba kuiona nyanja kuchokera pamwamba choncho, anangoti zii atagwira mpando wakutsogolo. Tisanatsike tinadutsanso kufupi ndi mgodi wa malasha wa Mchenga, nde wotilondolera anaimirira nkunena mawu amene ndinawakonda, akuti onani pano tikukumba moto wakuda woti tiwotche, pomwe pansi pomwepa pali kutentha kosafuna machesi.

Pa kasupe penipeni sipali ngati malo a alendo ayi. Palibe mpanda, palibe chikwangwani chochenjeza, mumangotsika nkuyenda pang'ono. Choyamba kukulandirani ndi fungo, ngati dzira lovunda koma osati lamphamvu kwambiri, ndi sulufule ameneyo. Kenako mumaona kanthunzi kakufuka pamadzi, miyala ya mphepete itayera ngati wina anathirapo ufa wonyowa nkuuma. Madziwo ndi oyera bwinobwino moti maso amakunamiza kuti ungasambe mmanja. Osayesa. Madzi a pa Chiweta amapitirira madigiri 70, ali mgulu la akasupe otentha kwambiri mMalawi muno, ndipo madzi otentha choncho amasupula khungu nthawi yomweyo. Apa nde pali dandaulo langa lachiwiri, lalikulu kuposa la kuchedwa lija. Pa kauthenga kawo sanalembe kuti valani nsapato zotseka, anthu ambiri anabwera ndi masilipasi, pansi pali matope oterera, ndipo nditafunsa ngati ali ndi kabokosi ka mankhwala a chithandizo choyamba anangoyang'anana. Kamnyamata kena ka zaka ngati 8 kanathamangira kutsogolo, anakagwira malaya ndi agogo ena a konko amene anali pafupi, akukalipa mChitumbuka. Agogowo sanali a gulu lathu, sanalipidwe ndi wina aliyense, koma ndi amene anagwira ntchito imene anyamatawa anayenera kugwira. Ndinapita kukawathokoza, yewo chomene agogo, iwo anangoti mwana ngwa tose.

Tsopano zabwino, chifukwa zilipo ndipo ndi zimene zandipangitsa kukhala pansi kulemba zonsezi.

Wotilondolera, mnyamata wa zaka za mma 20, anabwera ndi mazira mu kajumbo ka ukonde, anamangirira ku ndodo nkuviika. Podikira anayalula zida zake pa chitenje: ka pulesha kuka kakale, kambaula ka gasi, kapaipi ka kopa kopanikiza kumapeto, kafani kopangidwa ndi malata a chitini, kamota kakang'ono kochotsa mu wailesi ndi kababu ka LED. Madzi atawira mu mphikamo nthunzi inatuluka pa kapaipi kaja ndi mluzu, nkuomba kafani, kafani kuzungulira, kamota kuzungulira, babu kuyaka. Kuwala kwake kochepa ndithu, masana dzuwa lili phwee tinachita kutchinga ndi manja kuti tione, koma kunayaka. Ana onse anakuwa. Ine ndakonza zamagetsi zaka zambiri koma pamenepo tsitsi linandiima, chifukwa siteshoni yaikulu ya magetsi a nthunzi ndi chimenechi basi, kusiyana kukula. Nthunzi ikankha tebaini, tebaini izunguza jenereta. Funso limangokhala loti madziwo wawiritsa ndi chani. Ena amawotcha malasha, ena dizilo, pomwe apa mbaula yake ndi dziko lenilenilo.

Anafotokoza bwino mbali imeneyi. Ukamakumba pansi kutentha kumakwera, malo ambiri ndi madigiri 25 mpaka 30 pa kilomita iliyonse. Madzi a mvula a mmapiri a kumtunda amalowa mming'alu ya miyala, amatsika pansi kwambiri, amatenthedwa ndi miyala ya kumeneko kenako nkukwera kudzera mming'alu ina, nde kasupe ameneyu. Ming'aluyo ilipo chifukwa nyanja yathuyi ili mchigwa cha Rift Valley mmene nthaka ikung'ambika pang'onopang'ono, chifukwa chomwecho chimene Karonga inagwedezekera ndi zivomezi mu Disembala 2009. Ndiye si Chiweta yokha, ku Nkhotakota kuli Mawira, ku Nkhata Bay aliko, ku Karonga aliko angapo, onse atsatira mzere wa nyanja. Anatiuzanso za Larderello ku Italy kumene mu 1904 Piero Ginori Conti anayatsa mababu ochepa ndi nthunzi yochokera pansi, ndipo mpaka lero dera limenelo likupangabe magetsi. Zaka zoposa 100 mbaula yosazima.

Kenako anafika pa Kenya, ndipo apa ndi pamene ine ndi iye tinasiyana pang'ono. Zoona zake ananena: ku Olkaria, kufupi ndi Naivasha, kampani imene pano imatchedwa KenGen inayamba kupanga magetsi a nthunzi mu 1981, siteshoni yaikulu yoyamba ya mtunduwu mu Africa muno, ndipo pano Kenya ili ndi mamegawati opitirira 900 ochokera pansi pa nthaka. Kuti mumvetse kukula kwake, Kapichira yathu yonse ndi pafupifupi mamegawati 130. Zitsime zawo zimatsika makilomita awiri mpaka atatu, madzi ake ndi otentha kupitirira madigiri 200 koma sawira ali pansipo chifukwa apanikizika, akangokwera mu paipi mpweya wopanikiza uja nkuchepa amasanduka nthunzi okha, monga mmene pulesha kuka imachitira ukaitsegula isanazizire. Nthunzi amaipatula kupita ku tebaini, madzi otsala amawabwezera pansi pa chitsime china kuti akatenthedwenso. Zonsezi ndinagwirizana nazo.

Koma atatha anati, nde apa pa Chiweta pansi pathu pali chiphalaphala cha moto ngati ku Kenya, boma likangobowola mawa Malawi yense kuthimathima kwatha. Anthu anaomba mmanja. Ine sindinaombe, ndipo podya ndinamuitanira pambali, sindinafune kumuchititsa manyazi pagulu. Ndinati achimwene, mwaphunzitsa bwino koma pomaliza paja mwawonjezera mchere. Olkaria ili pakati pa mapiri ophulika, miyala yamoto ili pafupi. Kuno kwathu chigwa ndi chomwecho inde koma ndi nthambi ina, ya kumadzulo, ndipo mapiri ophulika apafupi ali ku Tanzania, ku Rungwe ndi Ngozi cha ku Mbeya uko. Madzi athu amatentha chifukwa atsika patali mming'alu, osati chifukwa akhudza chiphalaphala. Ndiye kuyembekezera nthunzi yamphamvu yoti ikankhe tebaini yokha ngati ku Kenya ndi kuwapatsa anthu chiyembekezo cholakwika. Iye anati nde adada mukutanthauza kuti palibe chathu apa? Ndinati ayi, chathu chilipo, koma ndi cha mtundu wina, ndipo ndi mtundu umene ine ndimaugwira ndi manja tsiku ndi tsiku.

Ndikufuna ndifotokoze pano monga ndinamufotokozera iye, chifukwa ndi chimene chikusowa mu phunziro lawo. Mu firiji yanu muli gasi, ambiri ndi R134a kapena R600a. Gasi ameneyu amawira pa kutentha kochepa kwambiri, R134a ukamutulutsa panja amawira pa madigiri 26 kunsi kwa ziro, nchifukwa chake akakudonthera pa chala amawotcha ndi kuzizira. Mu firiji timalipira magetsi kuti kompresa izunguze gasiyo, iye nkumachotsa kutentha mkati kutaya kunja. Tsopano tembenuzani zimenezo. Tengani madzi otentha a pansi, adutse mmapaipi ogundana ndi mapaipi a gasi wotereyu osasakanikirana, gasi awira, asanduka nthunzi yamphamvu, akankha tebaini, kenako mumuziziritsa abwerere kukhala wamadzi nkuyambiranso. Madzi a pansi aja abwerera pansi osatayika. Amazitcha binary, ndipo ndi firiji yoyenda chobwerera mmbuyo, mmalo modya magetsi ikutulutsa magetsi. Si maloto ayi. Ku Chena Hot Springs ku Alaska anayamba mu 2006 kupanga magetsi ndi madzi a madigiri pafupifupi 74, gasi wake R134a yemweyu amene ali mu silinda ku shopu kwanga. Madigiri 74, madzi ofanana ndi amene tinaviikamo mazira. Chilungamo chake nchoti iwo amathandizidwa ndi madzi ozizira kwambiri a kumeneko poziziritsa gasi, pomwe ku Chiweta kumatentha, ndipo makina amenewa mphamvu yake imadalira kusiyana kwa mbali yotentha ndi yozizira. Koma madzi amene amatuluka pa kasupe amakhala atazizira kale mnjira pokwera, pansi amakhala otentha kuposa pamenepo, nchifukwa chake amabowola. Magetsi ake sangakhale a dziko lonse. Angakhale a dera, mwina mamegawati ochepa, koma osazima usiku ndi usana, chilimwe ndi dzinja.

Ndipo kusazimako ndi kumene kukundikhudza ine. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi, Shire, Nkula, Tedzani, Kapichira, onse kummwera, kuno kumpoto tili ndi ka Wovwe ku Karonga kosafika ndi mamegawati 5 omwe. Nyanja itatsika mu 2016 ndi 2017 tonse tikukumbuka mmene tinakhalira mu mdima. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga Kapichira, mamegawati onse aja kuchoka kamodzi kwa nthawi yoposa chaka. Nthawi imeneyo ine ndinaona anthu akulira mu shopu mwanga, amayi ogulitsa mafirizesi ndi nkhuku, a mabutchala, kompresa zikupsa chifukwa cha magetsi obwera nkuchoka, katundu kuonongeka, ngongole ya banki mkhonde ili pakhosi. Ena amaganiza kuti wokonza mafiriji amasangalala zikatero, ayi, munthu amene katundu wake wawola alibe ndalama yokulipira. Sola yathandiza, ya ku Salima ija ya mamegawati 60 ndi ya ku Golomoti, koma dzuwa limalowa, ndipo ife a ku Mzuzu tikudziwa mmene mitambo imakhalira sabata yathunthu osasuntha. Kutentha kwa pansi sikudikira mvula, sikudikira dzuwa.

Chovuta chake, chimenenso mnyamatayu sanatchule, ndi ndalama zoyambira. Chitsime chimodzi chakuya chimadya madola mamiliyoni angapo, ndipo utha kubowola nkupeza kutentha kulipo koma madzi osakwanira, ndalama yapita. Zili ngati mjigo, amene anabowolapo mjigo nkupeza wouma akudziwa ululu wake, tsono apa chulukitsani kambirimbiri. Nchifukwa chake zimatenga zaka, kuyeza madzi, kuyeza miyala, zitsime zoyesera, kenako siteshoni. Ana akuyenera kumva mbali imeneyinso, apo ayi adzakula akuganiza kuti pali wina akungokana dala kutsegula swichi.

Mazira aja tinawatulutsa patatha mphindi zopitirira 20. Chodabwitsa, chikasu chamkati chinali chitagwira koma choyera chinali chofewa ngati phala la mwana, mosemphana ndi dzira la pa mbaula. Mwana wanga ndi amene anafotokozera anzake, akuti chikasu chimalimba pa kutentha kocheperako pomwe choyera chimafuna kutentha kwambiri kuti chilimbe chonse, nde madzi awa afika pa china koma sanafike pa chinacho. Ndinamuyang'ana mwana ameneyu nkuona kuti ndalama ya matumba awiri a makala yabwerera pompo. Tinathira kamchere nkumwa mmakapu.

Nkhomaliro inali mpunga wa Kilombero ndi usipa wokazinga ndi kabichi, anaphikitsa kwa amayi a konko zomwe ndi zabwino, ndalama itsaleko kumudzi. Kukoma kunalipo koma kunali kochepa, amuna akuluakulu tinadzuka mmimba muli malo, ndipo madzi akumwa anatha tisananyamuke pomwe kunyanja kumatentha kusiyana ndi kwathu kuno. Tengani botolo lanu. Chimbudzi palibe chokonzedwa, amayi anavutika, nalonso aliganizire. Mabotolo ndi mapepala anatola onse pochoka, pamenepo ndiwayamikire.

Usipa womwewo unandipatsa ganizo lina tili pa mphasa. Tisanafike pa magetsi, madzi a madigiri 70 ndi okwanira kuumitsa zinthu. Ku Kenya komweko ku Eburru anthu akhala akuumitsa maluwa a pyrethrum ndi nthunzi ya pansi kwa zaka zambiri, ku Naivasha amatenthetsa nayo nyumba zolimamo maluwa, ku Iceland nyumba pafupifupi 9 mwa 10 zilizonse zimafunditsidwa ndi madzi a pansi. Nanga ife nthawi ya mvula usipa umaola pa thandala asodzi akuyang'ana, ena nkumadula mitengo kuti awambe. Kachipinda ka mapaipi a madzi otentha pansi pa mathandala, kafani ka sola, basi usipa, chinangwa, mpunga ziuma mvula ikugwa. Zimenezi sizifuna chitsime cha makilomita atatu, zifuna pulambala, wowotcherera ndi chilolezo cha eni malo ndi mafumu. Pa Mzuni, yunivesite ya Mzuzu, pompa pali ana amene akuphunzira za mphamvu zongowonjezereka, ndikanakonda atapita kukayesa zoterezi.

Ndiye kodi mupite? Ngati muli ndi mwana wa sekondale, kapena ndinu aphunzitsi a sayansi, kapena mumagwira zamagetsi ngati ine, pitani ndithu, palibe buku limene lingakupatseni fungo lija ndi kababu kaja kakuyaka. Ana osafika zaka 10 ine ndingati ayi kaye mpaka anyamatawa atakhala ndi chingwe chotchingira, munthu woyang'anira ana ndi kabokosi ka mankhwala. Valani nsapato zotseka, nyamulani chipewa, madzi ndi kachakudya kapadera, ndipo muwafunse za nthawi yonyamuka usiku wake kuti musakaime pa Katoto ngati ife. Pa nyenyezi zisanu ndikuwapatsa zitatu ndi theka, theka limenelo ndi la dalaivala.

Mnyamata uja sanakwiye nditamudzudzula, anatulutsa kope nkumalemba, anandifunsa kawiri dzina la malo a ku Alaska aja. Lolemba masana ndikuwotcherera paipi ndinangoona wafika pa shopu, akuti adada mundionetse mmene gasi amawirira. Ndinamuthirira pang'ono mu kabotolo koonekera nkumuuza agwire ndi nsalu, anaona akubwata yekha popanda moto. Ndamupatsa kondensa yakale ndi mapaipi a kopa amene anali kuseri, akufuna apange kachitsanzo ka mapaipi awiri ogundana koti azikaonetsa pa kasupe pambali pa pulesha kuka ija. Tagwirizana kuti abwerenso Lachisanu ndi kafani kake tidzayese limodzi, ndipo mwana wanga wanena kale kuti akaweruka kusukulu adzadutsira ku shopu.